Kung'ambika kotulukira chimbudzi: yankho kwa achimwene oyendetsa thiraki

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Beira. Anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Mwachidule analemba kuti:

"Kwa masabata atatu tsopano, ndikapita kuchimbudzi ndimamva ngati ndikutulutsa zidutswa za botolo. Ndikamaliza ululu sutha, pamayaka mpaka maola awiri kapena atatu, ndipo pampando ndimakhala chammbali. Popukuta ndimaona timagazi tofiira. Ndachepetsa kudya kuti ndizipita kamodzi pa masiku atatu. Anzanga akuti ndi matenda a mudzi. Wina akuti ndizitsuka ndi madzi a mchere ndi mandimu, wina wandigulira mankhwala azitsamba opopera. Kuchipatala ndikuchita manyazi. Kodi pali njira yachilengedwe yoti ndichire ndili panyumba?"

Achimwene, pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kulemba. Pa imelo munthu sangakupimeni, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kung'ambika kwa khungu la kotulukira chimbudzi, kumene a chipatala amati anal fissure. Matenda a mudzi nawonso amatulutsa magazi, koma nthawi zambiri sapweteka chonchi. Ululu wocheka pamene chimbudzi chikudutsa, kenako moto wotsala kwa maola angapo, ndi timagazi tofiira papepala, zimenezo kawirikawiri n'za kachilonda kong'ambika.

Kachilondako n'kakang'ono, nthawi zambiri sikafika ngakhale sentimita imodzi. Chimene chimakachititsa kuvuta ndi malo ake. Pansi pa khungu limenelo pali mnofu wozungulira umene umatseka njira ya chimbudzi popanda inu kuulamula. Khungu likang'ambika, ululu umachititsa mnofuwo kukungika. Ukakungika umafinya timitsempha ta magazi, ndiye pachilonda pamafika magazi ochepa, ndipo chilonda chosafikidwa magazi okwanira sichipola msanga. Moto umene mumaumva mutachoka kale kuchimbudzi uja ndi mnofuwo ukukana kumasuka. Mwa anthu 10 amene ali ndi vutoli, pafupifupi 9 amang'ambika pakati penipeni chakumsana, pomwenso magazi amayenda mochepa kale.

Ndiye mfundo yanga yaikulu ndi iyi: chilonda chimenechi sichipola chifukwa cha zimene mwapakapo, chimapola ngati zimene zikudutsapo tsiku ndi tsiku n'zofewa ndipo mnofu uja wamasuka. Pafupifupi theka la anthu amene angong'ambika kumene amachira ndi chisamaliro cha panyumba chokha, ndipo pa masabata atatu inu mukadali m'gulu limenelo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si mchere kapena mandimu, koma kuchepetsa kudya kuja. Ndikumvetsa chifukwa chake, palibe amene amafuna kubwereza ululu woterowo. Koma ntchito ya thumbo lalikulu ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya. Chimbudzi chikakhalamo masiku atatu, chimatuluka chouma, cholimba, chachikulu, ndipo chimang'amba pamene panayamba kulumikizana paja. Mukuganiza kuti mukupumitsa chilonda, koma tsiku lachitatu lililonse chikuyambiranso. Chimene tikufuna n'chakuti muzipita tsiku lililonse, kapena kudumphitsa tsiku limodzi basi, ndipo chizituluka chokha popanda kuchima. Choncho yambani kudya, lero lomwe.

Kudya chiyani tsono? Zomera zili ndi mbali ina imene thupi siligaya, imene a zaumoyo amati faiba. Imeneyo ndi imene imasunga madzi m'chimbudzi n'kuchifewetsa. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 pa tsiku. Kwathu kuno sitifunika kuigula m'mabotolo. Tikakonola chimanga kuti tipeze ufa woyera, madeya amene timachotsa aja ndi amene ali ndi faiba yambiri. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti kunyumba nsima ikhale ya mgaiwa, ndi phala la m'mawa lomwe. Ngati apabanja sakuukonda mgaiwa, sakanizani theka ndi theka. Kapu imodzi ya nyemba zophika imakupatsani magalamu oposa 10, ndipo nandolo, khobwe ndi nzama sizitalikira pamenepo. Masamba asasowe m'mbale: bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, mpiru. Therere ndimalikonda kwambiri pa vuto limeneli chifukwa cha kuterera kwake. Papaya wakupsa, mango, mapeyala ndi malambe n'zabwino zonse. Mbatata muziidya ndi khungu lake mutaitsuka bwino.

Musachite zonsezi tsiku limodzi. Mimba imene inazolowera buledi woyera ndi nyama ikalandira nyemba zambiri mwadzidzidzi imafufuma ndi mpweya, munthu n'kugwa ulesi. Onjezerani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Ndikudziwa kuti pamsewu m'povuta. Pachipata cha Mwanza munthu akhoza kudikira mapepala tsiku lonse, ndipo zimene zili pafupi ndi chipisi, kanyenya, mandasi ndi zakumwa za shuga. Koma pambali pa zomwezo pamakhalanso amayi ogulitsa mtedza, chimanga chophika kapena chootcha, mbatata, nthochi zakupsa. Mukaima pa lesitilanti itanitsani nyemba ndi masamba, nyama ikhale yongoperekeza. Tsabola muyambe mwamusiya. Sang'amba munthu, koma amatuluka ndi ukali wake n'kuwotcha pachilonda.

Madzi ndi amene ndikuganiza kuti anakugwetserani m'vutoli. Madalaivala ambiri amamwa pang'ono dala kuti asamaimeime kukataya madzi, pamene kutentha kwa ku Tete kukuwakamula thukuta tsiku lonse. Faiba popanda madzi imalimbitsa chimbudzi m'malo mochifewetsa. Dzazani botolo la malita 2 m'mawa, likhale pambali panu, lithe dzuwa lisanalowe. Masiku otentha onjezerani. Mkodzo ndi umene ungakuuzeni: ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa. Mowa suwerengedwa, umaumitsa thupi.

Chinanso ndi kudzigwira. Thupi likakuitanani, pitani pasanapite nthawi, ngakhale chimbudzi chake chikhale cholipira. Matumbo amayamba kuyenda okha munthu akangodya, makamaka m'mawa, choncho idyani phala ndi tiyi wotentha, mudikire mphindi 20 kapena 30, mupite musanayatse galimoto. Pachimbudzi musakhalitse, ndipo foni ikhale m'thumba. Pakapita mphindi zisanu popanda kanthu, dzukani, mudzabwereranso. Chimbudzi chokumba chonyonyomala n'chabwino pa nkhani imeneyi chifukwa njira imawongoka. Chikakhala chokhalira, ikani njerwa kapena kampando pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno.

Tsopano mankhwala apanyumba amene ndimawakhulupirira kuposa ena onse: beseni la madzi ofunda. Gulani beseni lapulasitiki loti mutha kukhalamo, likhale lanu lokha la ntchito imeneyi, ndipo m'thiraki limakwana kuseri kwa mpando. Thiranimo madzi ofunda, ofika pophimba matako. Ayeseni ndi chigongono, akakhala oti mungasambitsire khanda ndiye kuti ali bwino. Khalanimo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku, makamaka mukangochoka kuchimbudzi pamene moto uja umayamba. Kufundako kumamasula mnofu wokungika uja, ululu n'kutsika. Musathiremo chilichonse, kaya mchere, sopo, Dettol kapena masamba. Mukatuluka musakhule, ingogunditsani kansalu kofewa koyera mpaka paume.

Popukuta, nyuzipepala, mapepala a kope, masamba ndi zitsononkho zisiyeni. Chabwino ndi kutsuka ndi madzi a m'kabotolo. Ngati pali tishu yokha, inyowetseni pang'ono, ndipo muzigunditsa osati kukokera.

Zopaka zilipo, koma ntchito yake ndi kuteteza basi. Vaseline wamba wopanda fungo, pang'ono pachala chosamba bwino, mupake pakhomo penipeni potulukira chimbudzi musanapite kuchimbudzi ndiponso mukatha kusamba. Ena amapaka mafuta a kokonati kapena uchi weniweni. Sindikuletsani, koma musayembekezere kuti zimenezo zitseka chilonda pamene chimbudzi chikadali cholimba, ndipo chilichonse chikayabwa kapena kuwawa, chisiyeni.

Za mchere ndi mandimu, ayi achimwene. Anthufe timakhulupirira kuti mankhwala akamaluma ndiye kuti akugwira ntchito. Pachilonda ichi n'zosiyana: chilichonse choluma chimakungitsa mnofu uja kwambiri, magazi n'kuchepanso. N'chimodzimodzi adyo, spiriti, mankhwala otsukira mano ndi mafuta otentha opaka pa chimfine. Mankhwala opopera amene anzanu agula aja musawagwiritse ntchito. Kampopi kake kokha kangakulitse chilonda, ndipo zimene zili m'botolomo simukuzidziwa. Zitsamba zina zopopera zimawotcha matumbo, zina zimawononga impso. Samalaninso ndi zitsamba zakumwa zimene amati n'zotsuka m'mimba, kuphatikizapo madzi achikasu owawa a alovera. Zimatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo kutsegula m'mimba kobwerezabwereza nakonso kumang'amba, kenako kudzimbidwa kumabwerera.

Ululu ukakula imwani Panado monga mwa malangizo a papaketi. Brufen amathandizanso, koma osati ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Pewani mankhwala a ululu okhala ndi codeine kapena tramadol chifukwa amadzimbitsa kwambiri. Ngati pakatha masiku angapo mukudya bwino chimbudzi chikadali cholimba, pitani ku famase mukafunse lactulose. Ndi mankhwala amadzi otsekemera amene amakokera madzi m'matumbo, ndipo amayamba kugwira pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kumeneko mungafunsenso mafuta a lidocaine ochititsa dzanzi, opaka musanapite kuchimbudzi kwa masiku owerengeka chabe. Ndikudziwa kuti munafunsa zachilengedwe, koma sindiona chifukwa choti munthu azivutika pamene chomuthandiza chili pashelefu.

Amayi amene mukuwerenga, nkhaniyi ndi yanunso. Ambiri amang'ambika akangobereka kumene, ndipo mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo amadzimbitsa ena. Musawasiye panokha, auzeni anamwino. Ana aang'ono nawonso amang'ambika, ndipo mwana wolira kapena wobisala ikafika nthawi ya chimbudzi muzimuonetsa kuchipatala.

Chisamaliro cha panyumba chili ndi malire. Ngati mwachita zonsezi kwa masabata awiri popanda kusintha kulikonse, kapena vutoli lakwanitsa masabata 6 chiyambireni, pitani kuchipatala. Chilonda chikakhalitsa m'mbali mwake mumalimba, ndipo kunja kumamera kanyama kolendewera. Ena akakaona amati ndi likango n'kupita kukakadula ndi lezala. Chonde musalole zimenezo. Kanyamako si gwero la vuto, ndipo kudula pamalo amenewo kumabweretsa kutaya magazi ndi mafinya.

Pali zina zosafunika kudikira ngakhale sabata: magazi ambiri kapena amagulumagulu, magazi osakanikirana ndi chimbudzi, chimbudzi chakuda bii, kutentha thupi, chotupa chopweteka pafupi ndi pakhomo, mafinya, kuwonda popanda chifukwa, kapena kusintha kwa kapitidwe ka kuchimbudzi kwa masabata angapo, makamaka ngati mwapitirira zaka 40. Kamwazi, likodzo la m'matumbo ndi khansa nazonso zimatulutsa magazi. Komanso zilonda zingapo, kapena chilonda cha chammbali osati pakati, nthawi zina zimachokera ku chindoko, TB, HIV kapena matenda otupitsa matumbo, ndipo zimenezo beseni silingazichize. Ngati papita nthawi musanayezetse magazi, yezetsani pa ulendo womwewo.

Kuchipatala kuli mafuta opaka amene amamasula mnofu uja mwachindunji, monga glyceryl trinitrate kapena diltiazem, opaka kawiri pa tsiku kwa masabata 6 mpaka 8. Oyambawo amapweteketsa mutu anthu ambiri ndipo ena amachita nawo chizungulire, choncho muwauze adokotala kuti ntchito yanu ndi yoyendetsa galimoto. Zikakanika pali opaleshoni yaing'ono yodula pang'ono mnofuwo, imene imachiza anthu oposa 9 mwa 10, ngakhale kuti ochepa amavutika kugwira mpweya pambuyo pake. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madokotala a opaleshoni, koma poyambira ndi pachipatala chapafupi ndi kwanu.

Mukachira musabwerere ku zakale, chifukwa malo amene anang'ambikapo sachedwa kung'ambikanso. Ululu umatha chilonda chisanapoleretu, choncho mgaiwa, nyemba ndi botolo la madzi zipitirire. Paulendo muziima maola awiri kapena atatu alionse, mutsike, muzungulire thiraki kangapo. Kukhala tsiku lonse kumachedwetsa matumbo.

Za manyazi, mwina zingakuthandizeni kudziwiratu zimene zimachitika m'chipindamo. Mumagona chammbali mutapinda mawondo, wopima amavala magolovesi n'kutambasula khungu pang'ono, ndipo nthawi zambiri chilondacho amachiona ndi maso pasanathe mphindi imodzi. Pakakhala popweteka kwambiri, muli ndi ufulu wonena kuti asalowetse chala tsiku limenelo. Mungathenso kupempha kuti akupimeni mwamuna mnzanu. Ngati mawu akukuvutani kutchula, lembani papepala zimene munandilembera ine zija, muwapatse awerenge okha.