Amayi ali m'wodi, madokotala ati khansa siichira: gadiyani achite chiyani?

Mayi wina wa ku Blantyre watilembera kalata iyi: "Amayi anga agonekedwa ndi khansa ya khomo la chiberekero yomwe yafalikira. Madokotala atiuza kuti chotsala ndi kungochepetsa ululu. Ine ndi amene ndikugona nawo m'wodi. Usiku amabuula, nsima akukana, ndipo tsiku lililonse akuti ndiwatengere kumudzi. Achibale akuti tisawauze zoona. Nditani?"

Pepani ndi matendawa, achemwali. Tiyambe ndi ululu, chifukwa munthu amene akumva kuwawa sadya, sagona, ndipo simungakambirane naye nkhani ina iliyonse. Mawa pa raundi ya madokotala pemphani kuti amayi aonedwe ndi gulu losamalira odwala matenda osachiritsika. Ngati muli ku Queen Elizabeth, gululi limapezeka ku Tiyanjane, pamene la ana ndi Umodzi. Zipatala zambiri za m'maboma zilinso ndi namwino kapena kilinishani wa ntchito imeneyi. Musayembekeze kuti abwera okha, pemphani.

Pa ululu waukulu wa khansa, mankhwala ake ndi mofini wakumwa. Amagwira ntchito pafupifupi maola 4, choncho amamwedwa motsatira wotchi, osati podikira kuti amayi ayambe kubuula: 6 koloko m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, 10 usiku ndi 2 koloko usiku. Apa ndi pamene zimalakwika kawirikawiri. Wodwala akagona bwino gadiyani amati asiye kaye, kenako ululu umabwerera mwamphamvu ndipo umavuta kuugonjetsa. Usiku anamwino amakhala ochepa, odwala ambiri, ndiye nthawi ikakwana pitani mukawakumbutse mwaulemu. Khalani ndi kope, muzilemba nthawi ndi mlingo womwe amwa. Ululu ukabwera nthawi isanakwane, pali mlingo wapadera womwe angalandire. Zikachitika katatu kapena kupitirira pa tsiku, sonyezani kopelo kwa dokotala kuti aone zokweza mlingo. Inu nokha musawonjezere.

Achibale ena adzakuuzani kuti mofini ndi mankhwala omalizira munthu. Si zoona ngati akuperekedwa pa mlingo woyenera. Masiku awiri kapena atatu oyamba amayi akhoza kumaodzera ndi kuchita mseru, koma zimenezi zimatha. Chomwe sichitha ndi kudzimbidwa, n'chifukwa chake mofini amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl, omwa usiku. Papaya wakupsa amathandizanso. Pakadutsa masiku atatu osachita chimbudzi, nenani. Chinanso choyang'anira pa khansa imeneyi ndi mkodzo. Chotupa chimatha kutseka njira zochokera ku impso, ndipo impso zikafooka mofini amaunjikana m'thupi. Mukaona mkodzo ukuchepa, amayi akuvuta kudzutsa, thupi likudzidzimuka kapena akupuma mwapatalipatali, itanani namwino musanawapatse mlingo wotsatira.

Za nsima, musalimbane nawo. Tikudziwa kuti kwathu kuno mbale ikabwerera yodzaza, anthu amati gadiyani sakusamala, koma khansa ikafika pamenepa thupi silifunanso chakudya chambiri. Kukakamiza kumangobweretsa kusanza ndi kutsamwa. Apatseni masupuni atatu kapena anayi a phala lamadzimadzi, thobwa, msuzi kapena nthochi yofinya, kangapo pa tsiku, atakhala tsonga. Akatembenuza mutu, lekani. Yang'anani kaye m'kamwa ndi tochi ya foni: mukaona zoyera ngati mkaka wogona pa lilime ndi m'masaya, mwina akukana chifukwa kumeza kukuwawa, ndipo pali mankhwala ake monga nystatin. Tsukani m'kamwa mukatha kuwadyetsa ndi kansalu kofewa koviika m'madzi owiritsa ozizira, theka la tiyisupuni ya mchere pa kapu imodzi.

Ngati sakutha kudzitembenuza, atembenuzeni maola awiri alionse, kumanzere, chagada, kumanja. Muzikhala awiri, n'kuwanyamula ndi chitenje choyala pansi pawo, chifukwa kuwakoka pa matiresi kumasupula khungu. Tsiku lililonse onani kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi zidendene. Pamalo pakada kapena kufiira osabwerera, chilonda chayamba, asagonerepo. Ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo.

Khansa iyi imatha kubweretsa chikazi chonunkha, magazi, ngakhale mkodzo wongotuluka wokha. Amayi ambiri amavutika ndi manyazi kuposa ululu, makamaka m'wodi momwe mabedi ali moyandikana. Atchingireni ndi chitenje powasambitsa, sinthani thewera kapena nsalu ikangonyowa, pukutani bwino, pakani Vaseline pakhungu lozungulira. Fungo lili ndi mankhwala ake, metronidazole, ndiye funsani namwino m'malo mothira perefyumu. Sungani pafupi zitenje zakuda, kuti magazi akatuluka ambiri asaoneke moopsa pamene mukuitana thandizo.

Tsopano za achibale amene akuti musawauze. Ife sitigwirizana nazo zowanamiza kuti achira posachedwa. Munthu wamkulu amaliona thupi lake, ndipo kunena kuti "nditengereni kumudzi" nthawi zambiri kumasonyeza kuti adziwa kale. Sitikunenanso kuti mukawakhuthulire nkhani yonse. Khalani pansi pambali pa bedi, afunseni kuti, "Amayi, matendawa mukuwaona bwanji? Chikukudetsani nkhawa n'chiyani?" Kenako khalani chete, musathamangire kunena kuti musalankhule choncho. Akafuna kudziwa, pemphani a ku Tiyanjane kapena dokotala kuti afotokoze inu mulipo. Akapanda kufuna, lemekezani. Mwina ali ndi mwana amene akufuna kumuona, m'bale woti agwirizane naye, abusa, ansembe kapena shehe woti awapempherere, kapena mawu okhudza munda ndi nyumba. Ngati akufuna kulemba wilo, achite maganizo akadali bwino, pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizilandira kanthu pa chumacho.

Kupita kumudzi si kuwataya, bola mukonzekere. Musathawe nawo usiku osatulutsidwa, chifukwa mudzapita opanda mankhwala. Uzani dokotala chofuna cha amayi, ndipo musanatuluke onetsetsani kuti zonse zalembedwa m'buku lawo la kuchipatala, muli ndi kalata yopita ku chipatala cha kufupi ndi kwanu, komanso mwauzidwa komwe mudzatenge mofini wina. Mukapite botolo lisanathe, osati litatha. Namwino akuonetseni pa sirinji yopanda singano pomwe mlingo ukulekezera. Werengani pa botolo: pali mofini wa 5mg mu 5ml ndi wina wa 50mg mu 5ml, wamphamvu kakhumi, ndiye akakusinthirani botolo funsaninso kuchuluka kwake. Lisungeni pamene ana sangafike.

Masiku omaliza amayi azigona kwambiri, manja ndi miyendo zizizizira, kapumidwe kazidukiza, ndipo pakhosi pakhoza kumveka phokoso la malovu. Agonekeni chammbali. Akasiya kumeza musawathirenso madzi kapena phala m'kamwa, chifukwa zimalowera m'mapapo. Muzingonyowetsa milomo ndi kansalu, ndipo funsani namwino mmene mankhwala a ululu apitirire. Pitirizani kuwalankhula ndi kuwagwira dzanja, popeza akhoza kumamva ngakhale sakuyankha.

Inunso simungathe kugona pa simenti sabata ndi sabata n'kumadzuka 2 koloko usiku uliwonse. Achibale amene akubwera ndi maganizo aja agawireni ntchito: wina agone m'wodi masiku awiri, wina aphike ndi kuchapa, wina apeze ndalama ya matewera ndi galimoto. Amene akulowa m'malo mwanu mumusiyire kope lija, mumusonyeze nthawi ya mlingo wotsatira.