Kodi tauni ya Victoria Falls ndi ya alendo a madola okha?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, dera la mu Harare kuno ku Zimbabwe. Akuti ana asonkha ndalama kuti iye ndi mayi ake okalamba akaone mathithi a Victoria Falls pa Pasaka. Wafunsa kuti: "Tikaona mathithiwo, kodi n'koyenera kuyendanso m'tauni? Anzanga akuti mashopu ndi malo odyera a kumeneko ndi a azungu, ife tikangochitako manyazi. Ndalama zathu n'zochepa."

Achemwali, kayendeni ndithu. Mawu a anzanuwo ndimawamva kawirikawiri kuno ku Harare, ndipo amandiwawa. Munthu wayenda makilomita oposa 800, wadutsa Bulawayo ndi Hwange, msana uli gwa pa mpando wa basi, kenako akaone madzi n'kukadzitsekera m'chipinda chifukwa choopa khonde la shopu? Ayi. N'zoona kuti zinthu zambiri kumeneko mitengo yake anaikira mlendo wakunja, koma kuyenda, kuona ndi kufunsa salipiritsa.

Tauniyo ndi yaing'ono, ngakhale kuti mu 2020 boma linaikweza kukhala mzinda. Pakati pake pali misewu iwiri imene muyenera kuidziwa. Livingstone Way ndi umene umalowa kuchokera ku Bulawayo, n'kuwoloka njanji, n'kutsetsereka mpaka pachipata cha mathithi ndi pamlatho wopita ku Zambia. Park Way umapatuka pa umenewo, ndipo m'mbali mwake ndi mmene mwandandana mashopu, malo odyera ndi maofesi ogulitsa maulendo a pa boti ndi a ndege. Wachinyamata akhoza kumaliza zonsezi mu ola limodzi, koma inu muli ndi mayi, ndiye patulani m'mawa wonse. Nyamukani dzuwa lisanakwere. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, pomwe Victoria Falls ili m'munsi kwambiri, n'chifukwa chake dzuwa la masana kumeneko limalasa ngakhale mu Epulo. Botolo la madzi ndi ambulera zisasowe.

Pamene ndikufuna mukakhalitse ndi pa Adam Stander Drive, pomwe pali malo a mashopu otchedwa Elephant's Walk ndi msika wa ziboliboli pafupi pake. Mu Elephant's Walk muli kanyumba kosungiramo zinthu zakale kotchedwa Jafuta Heritage Centre, momwe muli mikanda, zida ndi ziwiya za mitundu ya anthu a m'dziko muno. Anthu akuluakulu amasangalala nazo zoterezi, chifukwa zina anazionapo m'manja mwa makolo awo. Mukatuluka, pitani kumsika. Mukapezako mbale za mtengo wa mlombwa, mvuu zosema pamwala, madengu a Atonga olukidwa bwino kwambiri, ndi timikanda ta m'khosi ta Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi umene Atonga amaulemekeza.

Musathamangire kugula pa benchi yoyamba. Funafunani munthu amene wakhala pansi, mwendo wapanira chimtengo, tizipalapala tili mbwee pa thalauza, akukwecha msana wa njovu ndi sandipepa mpaka kusalala. Imani pamenepo. Mufunseni kuti mtengowo ndi wanji, wausema masiku angati. Nyamulani mbaleyo muione kulemera kwake, muitembenuze muone ngati ilibe mng'alu kunsi, mupakepo chala muone ngati kuda kwake ndi kwa mtengo kapena ndi polishi wa nsapato. Mtengo woyamba umene angakuuzeni ndi wa mlendo, ndipo kunenerera n'kololedwa, monga timachitira kumsika wa Mbare Musika kuno ku Harare. Koma chonde musamufinye mpaka kumusiya wopanda phindu. Iyenso ali ndi ana kusukulu. Ngati simugula, nenani zikomo n'kupitirira, palibe amene angakukalipireni.

Mukapereka moni m'Chinyanja musadabwe wina akayankha. Tsidya la mlatho ndi Livingstone, kumene Chinyanja chili paliponse, ndipo ku Hwange kuli mabanja ambiri amene agogo awo anachokera ku Malawi ndi ku Zambia kudzakumba malasha, monganso agogo athu anabwera ku mafamu ndi ku mafakitale a kuno. Koma eni dera ndi Anambya, Atonga ndi Andebele, choncho moni wa m'chinenero chawo ukakutsegulirani mitima.

Mumsewu mukakumana ndi anyamata ogulitsa ndalama zathu zakale, kuphatikizapo ija ya 100 trillion ya mu 2009. Alendo amaigula ngati chikumbutso. Mayi anu akaiona akakumbukira mizere ya ku banki ndi mashelufu opanda kanthu, ndiye muwakonzekeretse. Anyamatawo amakakamira, koma mukakana mwaulemu kawiri amakusiyani.

Za chakudya, nayi nzeru yanga. M'tauni sankhani malo amodzi okhala ndi mthunzi, muwerenge mitengo pakhomo musanakhale, muitanitse tiyi kapena chakumwa chozizira, mayi apumule miyendo uku akuona anthu a m'maiko osiyanasiyana akudutsa. Zimenezo n'zokwanira. Nkhomaliro yeniyeni kadyereni ku Chinotimba, komwe kumakhala ogwira ntchito m'mahotela. Kumeneko nsima ya nyama, ya nsomba kapena ya kapenta imagulitsidwa pa mtengo wa anthu wamba. Ngati pa ndalama ya ana ija patsala kenakake, apititseni mayi ku Victoria Falls Hotel, imene inatsegulidwa mu 1904. Mukakhala pakhonde lake la kumbuyo mumaona mlatho wa 1905 uli tantha pamwamba pa phompho, utsi wa mathithi ukukwera chapambali. Valani bwino, lowani pakhomo lalikulu, mufunse ngati pali malo a tiyi. Ogwira ntchito mmenemo ndi ana a dziko lino.

Chitupa chisatsale ku Mufakose, chifukwa pachipata cha mathithi nzika zimalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja. Pa Pasaka madzi amakhala ochuluka moti mukanyowa thupi lonse, ndiye mayi akhale ndi chitenje china chouma m'jumbo.

Nyama nazo zimayenda m'tauni. Njiri zimagwada pa kapinga n'kumadya osasamala za munthu, zisiyeni. Anyani ndiwo ovuta: akaona jumbo ya nthochi kapena buledi amalanda, choncho chakudya chizikhala m'chikwama chotseka. Kukada musayende wapansi ngakhale malo ogona ali pafupi, chifukwa njovu zimadutsa m'misewu ya m'mbali usiku. Tengani takisi, mugwirizane mtengo musanakwere. Kumeneko kuli malungo, ndiye posungitsa chipinda funsani ngati mabedi ali ndi neti.