Sitima ya 1950 imeneyo musaithawe, achimwene

Imelo yanu yandifika pamtima, achimwene. Mukuti mwapeza ntchito yothandiza makaniko pa kakampani ka njanji ku Indiana, komwe kali ndi mutu wa sitima umodzi wokha wa m'ma 1950 wogwira shunting, ntchito yokankha ndi kusanja mabogi, ndipo anzanu akuti mukataya nthawi ndi chiphapha m'malo mophunzira mainjini a kompyuta. Ndiye mukufunsa ngati muilole ntchitoyo.

Mawu akuti chiphaphawo ndi amene andiwawa, chifukwa inenso anandinenera. Ndinkagwira pa galaja ina ya mathiraki kuno ku America, ndipo tsiku limene ndinatsanzika bwana wanga anandiuza pamaso pa anzanga onse kuti ndikupita kukapukuta fumbi ku museum. Ndinangoti zikomo, koma mumtima munali moto. Ine ndinakulira ku Limbe, ndikumva mabogi akugundana usiku pamene akuwasanja, ndipo chiyambire ubwana ndinkafuna kudziwa chimene chili m'kati mwa mutu wa sitima.

Komwe ndinapitako ndinapeza mutu wa sitima wotchedwa SW1, wa kampani ya EMD, mtundu umene unkapangidwa ku La Grange, Illinois, mpaka 1953. Ndi kamutu kakang'ono, ka horsepower 600, masilinda 6 a injini yotchedwa 567. Mdala amene anandilandira sanandifunse za mapepala. Anandipatsa chitsulo nati titembenuze injini ndi manja. Injini imeneyi ikagona nthawi, suthamangira kuiliza. Umayamba watsegula timavalavu ta pa silinda iliyonse, kenako umaizungulitsa pang'onopang'ono uku ukuyang'ana ngati pakutuluka madzi, chifukwa madzi akakhala pamwamba pa pisitoni iwe n'kuiliza, wapinda chitsulo basi. Ukatseka timavalavuto umapopa dizilo mpaka thovu lithe m'kagalasi, kenako dzanja limodzi pa batani, lina pa layshaft, chogwirira chowonjezera dizilo wolowa mu injini. Imayamba ngati ikukana, kenako utsi woyera tolo, pansi ponse n'kumanjenjemera.

Masana a tsiku lomwelo mdala uja anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa injini, nandipatsa tochi. Ndinaona maring'i a pisitoni ndi maso angawa, injini isanamasulidwe paliponse. Pa thiraki yatsopano zinthu ngati zimenezi umaziuzidwa ndi laputopu. Apa umaziona wekha, umagwira, umanunkhiza oyilo. Silinda imodzi ikatha, umazula yonse pamodzi ndi mutu wake ndi pisitoni yake, n'kuikamo ina. Amene anaipanga ankaganizira munthu wodzaikonza, ndipo n'chifukwa chake injini za 567, zimene zinapangidwa kuyambira 1938 mpaka 1966, zikadalirabe lero.

Anzanuwo sakudziwa chifukwa chimene timakampani timeneti timasungira sitima zakale. Akuganiza kuti ndi umphawi chabe. Mu 1980 boma la America linakhazikitsa lamulo la Staggers Rail Act, lochepetsa malamulo omanga makampani a njanji, ndipo makampani akuluakulu anayamba kugulitsa nthambi za njanji zomwe sizinkawapindulira. Anthu wamba ndi timakampani anazigula, moti lero njanji zazing'onozi zilipo pafupifupi 600. Zambiri zimangotenga mabogi ochepa a chimanga, feteleza kapena matabwa kuchoka pa fakitale kukawasiya pomwe kampani yaikulu idzawanyamule. Njanji yake nthawi zambiri ndi yakale, yopepuka, yokhotakhota, ndipo pa njanji ya gulu lotsika lamulo sililola sitima ya katundu kupyola mamailosi 10 pa ola. Tsono mutu watsopano wa horsepower 4,400, wa mamiliyoni a madola, ukatani pamenepo? Ungothyola njanji ndi kulemera kwake. Kupha nyerere sikufuna nkhwangwa.

Ndipo ndinene mosabisa, ine sindikhulupirira kuti chatsopano chilichonse chimaposa chakale pa ntchito ya shunting. M'ma 2000 kunabwera mitu yotchedwa genset, yokhala ndi timainjini tiwiri kapena titatu toyaka ndi kuzima tokha malinga ndi katundu. Cholinga chinali chabwino, kuchepetsa utsi, ndipo utsi wa sitima zakale ndi nkhani yeniyeni kwa anthu okhala pafupi ndi njanji. Koma yambiri mwa mitu imeneyi inaimikidwa isanakalambe, pamene ma SW a zaka zoposa 60 akukankhabe mabogi. Kakampani kokhala ndi makaniko mmodzi sikangadikire katswiri wochokera kutali kuti adzawerenge kompyuta pomwe kasitomala akudikira mabogi ake.

Pali kena kamene ndimakakonda kwambiri, kamutu ka kampani ya General Electric (GE) kotchedwa 44-tonner, kopangidwa kuyambira 1940 mpaka 1956. Mu 1937 makampani a njanji ndi mabungwe a antchito anagwirizana kuti mutu wa dizilo wolemera mapaundi 90,000 kapena kuposa uzikhala ndi munthu wachiwiri wothandiza dalaivala. General Electric inapanga kake ka mapaundi 88,000, kuti kaziyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Kali ndi mainjini awiri a Caterpillar D17000, ina kutsogolo ina kumbuyo, kanyumba ka dalaivala pakati. N'kokongola, koma masipeya ake ndi osowa zedi. N'chimodzimodzi S-2 ya kampani ya ALCO, ya horsepower 1,000, imene turbo yake imaimba mluzu moti umaizindikira uli patali: ALCO inasiya kupanga sitima ku Schenectady mu 1969. Kampani ya Baldwin inasiya kale mu 1956, komabe ku New Jersey kampani ya SMS Rail Lines inatchuka chifukwa chogwiritsabe ntchito ma Baldwin akale. Anthu amenewo ndimawavulira chipewa, chifukwa sipeya ikasowa amaifuna mpaka aipeze, apo ayi amaisula.

Zofunsa musanasaine

Choyamba funsani kuti mutuwo ndi wa kampani iti. Ngati ndi EMD, monga SW1, SW9 kapena SW1200, lowani ndi mtima umodzi. Masipeya akupezekabe, ndipo zimene mungaphunzire pa 567 zidzakuthandizani pa mainjini a 645 ndi 710 amene anabwera pambuyo pake, chifukwa ndi banja limodzi. Ngati ndi ALCO, Baldwin kapena 44-tonner, lowanibe, koma mudziwe kuti gawo lina la ntchito yanu lidzakhala kusaka zitsulo.

Funsaninso kuti nyengo yozizira amatani. Mainjini amenewa amayendera madzi opanda antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, ndiye ku Indiana mu Januwale amafunika kusiyidwa akulira, kulumikizidwa ku hita, kapena kukhuthulidwa madzi. Ndinaonapo injini itang'aluka chifukwa munthu wina anaizimitsa Lachisanu n'kupita kwawo, ndipo mdala uja anakhala pa sitepe osayankhula nthawi yaitali. Pemphani kuona khadi ya buluu ya m'kanyumba ka dalaivala, pomwe amalemba kuyendera kwa masiku 92 alionse monga mwa lamulo la FRA, bungwe la boma la America loona za njanji. Ikakhala yosamalika, kampaniyo ndi yosamala.

Koma chachikulu n'chakuti pakhale munthu wamkulu woti akuphunzitseni. Akakhalapo, musachoke pambali pake, makamaka pa zamagetsi, chifukwa jenereta, ma traction motor (mamota ozungulitsa mawilo) ndi mawaya okalamba ndi zimene zimaimitsa sitima zimenezi kuposa injini. Malipiro mwina adzachepa poyerekeza ndi a makampani akuluakulu, koma mudzagona kwanu usiku uliwonse. Ntchitoyo iloleni, achimwene, ndipo mukaona nambala ya mutuwo mundilembere, ndikuuzeni chaka chimene unapangidwa.