Katapila wa 50 peresenti pa mwezi: tiwerengere kaye musanayambe kukongoza

Achimwene, funso lanu ndalimva chonchi: muli ndi K500,000 yomwe mukufuna muzikongoza alonda, antchito a m'nyumba ndi amayi a geni pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pa mwezi, ndipo mukufunsa ngati pali cholakwika poti simukakamiza munthu, amabwera okha. Ena akuuzani kale kuti bizinesi ndi bizinesi, ena akuti ndi tchimo basi. Onsewo ayankha asanagwire cholembera, pomwe nkhani ya katapila imaoneka bwino papepala.

Tiyerekeze mlonda wolandira K120,000 pa mwezi. Mwana wadwala pa 10, wabwera kwa inu, mwamupatsa K50,000. Pakutha pa mwezi akubwezerani K75,000, watsala ndi K45,000. Alandilodi atengapo K30,000 yawo. M'manja mwatsala K15,000 ya ufa, ndiwo, makala ndi sopo kwa masiku 30. Sabata isanathe ali pakhomo panu kachiwiri, ndipo ulendo uno K50,000 siimukwanira. Mwana uja anachira kalekale. Chimene bamboyu akukongolera tsopano ndi dzenje lomwe ngongole yoyamba ija inakumba m'malipiro ake.

Apa pamatuluka njira ziwiri, zonse zowawa. Yoyamba, mumamuuza kuti azingopereka chiwongoladzanja chokha, K25,000 mwezi uliwonse. Chaka chikatha wakupatsani K300,000, koma K50,000 ija idakali pomwepo osachepa ndi tambala yomwe. Yachiwiri, akalephera mumaphatikiza chiwongoladzanja ku ngongole. Mwezi wachiwiri ifika K112,500, wachitatu K168,750, wachinayi K253,125, ndipo ikamakwana miyezi 6 yadutsa K569,000. Munthu wa K120,000 pa mwezi sangathetse ngongole imeneyo ngakhale atasiya kudya.

Mukayang'ana bwino manambalawa muona pomwe pagona vuto. Amene wabweza pa nthawi yake n'kupita osabweranso amakupatsani K25,000 kamodzi kokha. Amene amakulemeretsani ndi uja wokanika kutulukamo. Ndiye bizinesi yomwe imakula wokongola akamalephera, mwini wake amayamba, mwina mosazindikira, kufuna kuti anthu azilephera. Amasiya kufunsa ngati munthu angathe kubweza, amangofunsa ngati ali ndi choti amulande. Ine ndimati cholakwika chenicheni cha katapila chili pamenepa.

Zoti amabwera okha n'zoona, koma akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu yemwe ali ndi mtembo kumotchale, kapena mwana wabwezedwa kusukulu sabata ya mayeso, avomera 50, avomera 100, avomera chilichonse. Sakukambirana nanu mtengo ngati wogula nsapato amene angathe kupita pabenchi ina. Kuvomera kwake kukungosonyeza kukula kwa vuto lake.

Komabe tisamunamizire wokongoza. N'kovuta kupeza banki yomwe ingapatse mlonda K20,000 usiku popanda fomu. Ena amathawa ndi ndalama. Kwacha nayo imasungunuka m'manja: mu November 2023 inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake chokongozera mabanki pa 26 peresenti pa chaka. Wokongoza mwaulere m'nyengo yotereyi akudya mpamba wake. Chiwongoladzanja chiyenera kukhalapo ndithu, nkhani ndi ya kukula kwake.

Tiwerengerenso. Mwagawa K500,000 kwa anthu 10, aliyense K50,000. Tinene kuti pa miyezi iwiri iliyonse mmodzi amasoweratu, ndiye kuti mukutaya K25,000 pa mwezi. Mayunitsi ndi thiransipoti yolondola anthu, K15,000. Kukwera mitengo kwa zinthu, tiike 2.5 peresenti pa mwezi, K12,500. Zonse pamodzi K52,500, yomwe ndi pafupifupi 11 peresenti ya ndalama zomwe zikubwerera. Mukaika 15 peresenti mwabweza zonsezi ndipo kanthu katsalako. Mukaika 50, mukutolera ndalama yoposa K230,000 pa mwezi pa zotayika za K52,500. Kusiyanako si malipiro a chiopsezo ayi. Ndipo wina akati amaika 50 chifukwa theka la anthu ake sabweza, akungoulula kuti amakongoza anthu omwe sangathe kubweza, n'kumalipiritsa okhulupirika mlandu wa kusasamala kwake.

Amayi a geni ndi osiyanako, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mayi wooda tomato wa K50,000 n'kumugulitsa K60,000, akachotsa thiransipoti, tikiti ya msika ndi tomato woonongeka, mwina atsala ndi K5,000 pa ulendo. Akaoda maulendo 10 pa mwezi wapeza K50,000. Ngongole yake ikubala ndalama, kusiyana ndi ya mlonda uja yomwe inathera kuchipatala. Koma pa 50 peresenti theka la thukuta lake likupita kwa inu, theka linalo ndi lomwe banja likudya, ndipo mpamba wakewake sakuupeza. Tomato akangotsika mtengo sabata imodzi, kapena dengu limodzi kuphwanyikira pa lole, wayamba kudya mpamba wanu uja. Pa 15 peresenti akupatsani K7,500, ndipo akamaika padera K10,000 mwezi uliwonse, pakatha miyezi isanu ali ndi mpamba wake. Ngongole ya geni izitha ndi tsiku loti munthu sakukufunaninso.

Pali zinthu zina zomwe ngakhale mutatsitsa chiwongoladzanja zimakhalabe nkhanza. Kusunga khadi ya ATM ya munthu ndi nambala yake yachinsinsi, n'kumakatapa malipiro inuyo iye asanawaone, ndiye kuti mwadziika patsogolo pa lendi ndi chakudya cha ana ake. Kusunga chiphaso chake cha unzika ndi chimodzimodzi, poti popanda icho zambiri za kubanki ndi za boma zimamuimira. Kutenga chikole chomwe munthu amadyera, monga njinga ya wakabaza, makina a telala kapena foni ya wogulitsa malonda pafoni, n'kumudula manja omwe akanakubwezerani nawo. Ngakhale pa Deuteronomo 24:6 analetsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa potero watenga moyo wa munthu. Ndiye pali chinyengo china chofala: munthu wakongola K60,000, wasiya firiji ya K400,000, n'kumusayinitsa pepala lonena kuti wagulitsa firijiyo. Akachedwa tsiku limodzi firiji yapita. Wotero sanafune kubwezeredwa ndalama n'komwe, ankafuna firiji. Zokamuyalutsa munthu kuntchito kapena kutchalitchi nazonso zimakusaukitsani nokha, chifukwa akachotsedwa ntchito ndalama yanu mukaitenga kuti?

Malamulo nawo simungawalumphe. Kukongoza anthu ndalama ngati bizinesi ku Malawi kuno kumafuna chilolezo cha Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, motsatira Financial Services Act ndi Microfinance Act, malamulo a chaka cha 2010. Palinso lamulo lakale la Loans Recovery Act, lomwe limapatsa bwalo la milandu mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chili chopitirira muyezo, ngakhale wokongolayo anasayina. Kotero pepala lanu la 50 peresenti likhoza kukafooka pamaso pa majisitireti. Kukalanda katundu m'nyumba ya munthu ndi anyamata anu popanda chigamulo cha bwalo kungakusandutseni woimbidwa mlandu, ndipo polisi si malo otolerako ngongole.

Abale athu ali ku Joni amawadziwa amashonisa, omwe ndi okongoza katapila a kumeneko. Kumeneko lamulo la National Credit Act la 2005 limaletsa kusunga khadi ya banki kapena chiphaso cha wokongola, ndipo ngongole yaifupi yoyamba siyenera kupitirira 5 peresenti pa mwezi. Ku Britain, kuyambira January 2015, ngongole zamtunduwu zinaikidwa malire a 0.8 peresenti pa tsiku, ndipo zonse zowonjezera sizingapose ndalama yomwe munthu anakongola. Mfundo yomalizayi ndi yomwe ndikanakonda wokongoza aliyense atadziikira yekha: wakongola K50,000, zivute zitani sadzabweza zoposa K100,000. Malire oikidwa ndi boma paokha sathetsa zonse, poti Kenya inawaika pa mabanki mu 2016 n'kuwachotsa mu 2019 ataona kuti mabanki achepetsa kukongoza amalonda ang'onoang'ono. Chipata cha banki chikatsekeka anthu amapita kwa katapila, n'chifukwa chake khalidwe la munthu ngati inuyo ndi lofunika kwambiri.

Ngati mtima uli pokongoza ndithu, yambani ndi kufunsa ku Reserve Bank za kulembetsa. Kenako munthu aliyense mumufunse zinthu zitatu musanatulutse ndalama: amapeza zingati pa mwezi, ali ndi ngongole zina zingati, ndipo ndalamayi ikukachita chiyani. Zomwe azikubwezerani pa mwezi, kuphatikizapo ngongole zinazo, zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe amapeza. Mlonda wa K120,000 malire ake ndi K40,000, choncho K50,000 ija muigawe miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chiwongoladzanja muziwerengera pa ndalama yotsala. Pa 15 peresenti m'miyezi iwiri, mwezi woyamba apereka K25,000 ndi K7,500, wachiwiri K25,000 ndi K3,750, zonse K61,250. Lembani m'Chichewa ndalama yomwe watenga, ndalama yonse yomwe adzabweze m'makwacha, ndi masiku ake, pakhale mboni imodzi mbali iliyonse, aliyense asunge pepala lake. Ambiri peresenti samaimvetsa, koma K61,250 aliyense amaimva. Musamaike chiwongoladzanja pa chiwongoladzanja, ndipo musamapereke ngongole yachiwiri yobwezera yoyamba. Chikole chikafika pogulitsidwa, chigulitsidwe mwini wake akudziwa mtengo, mutengepo zanu zokha, zotsala mumubwezere. Mugwirizanenso poyambirira zomwe zidzachitike akadwala, akachotsedwa ntchito kapena akamwalira, kuti mkazi wamasiye asadzakuoneni ndi kabuku pasiwa.

Mukaona kuti ndi malamulo amenewa phindu lachepa kwambiri, njira ina ilipo. Mu banki m'khonde magulu ambiri amaika 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, koma chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa mamembala omwewo tsiku logawana, kotero wokongola amadyako zomwe analipira. Ma SACCO, mabungwe a anthu osunga ndi kukongozana ndalama omwe ambiri ali pansi pa bungwe lawo lalikulu la MUSCCO, amayenda ndi mfundo yomweyo ndipo amayang'aniridwa ndi lamulo. Nakonso muzikhala maso: magulu okakamiza membala aliyense kukongola kuti phindu lichuluke, kapena olola munthu mmodzi kukhala m'magulu anayi, ndi omwe amatumiza amayi kwa katapila mu November ndi December pofuna kutseka mabuku asanagawane. Musanalowe, pemphani kuona buku la ngongole, ndipo mufunse kuti chaka chatha ndi mamembala angati analandidwa katundu.