Yankho kwa amalume pa nkhani ya zithunzi za pa webusaiti

Amalume, ndamva funso lanu lofuna kudziwa chifukwa chimene webusaiti ya nyumba yanu ya alendo ikuchedwera kutseguka. Ndaiyang'ana, ndipo vuto lili pa zithunzi, pakuti mwaziika monga momwe zinatulukira mu foni. Kamera ya ma megapixel 12 imajambula chithunzi cha ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) pafupifupi 4000 mulitali ndi 3000 mulifupi, chomwe nthawi zambiri chimalemera pakati pa 3 MB ndi 5 MB. Tsamba lokhala ndi zithunzi 10 zotero likhoza kudya 40 MB pa bandulo ya munthu wa Airtel kapena TNM amene amangofuna kuona mtengo wa chipinda, ndipo kumene netiweki ndi yofooka amatopa n'kuchoka asanaone kanthu. Zimenezi ndi zomwe zikundidetsa nkhawa, chifukwa amene akulipira kulemerako ndi mlendo wanu.

Muyambe ndi kuchepetsa kukula kwake. Chithunzi chachikulu cha pamwamba chikhale cha ma pixel 1600 kuchokera kumanzere kufika kumanja, ndipo pa zithunzi za zipinda ma pixel 800 akukwanira. Mukasintha mbali imodzi, lolani inayo isinthe yokha mofanana, apo ayi bedi lidzaoneka lophwatalala. Mukatero ndiye muchipanikize, kutanthauza kuchepetsa kulemera kwa fayilo yake. Ndikukulangizani Squoosh, pulogalamu yaulere ya Google imene imagwira ntchito mu browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti), chifukwa imaonetsa chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi, kotero kuti mumadzionera nokha pamene chayamba kuwonongeka. Mukaika quality (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) pa 75, diso siliona kusiyana kwenikweni, koma chithunzicho chimatha kutsika kufika pansi pa 200 KB.

Zithunzi za zipinda ndi za nyanja muzisunge mu mtundu wa fayilo wotchedwa JPEG kapena WebP, mtundu umene Google inatulutsa mu 2010 ndipo umapepuka kuposa JPEG. Mtundu wina wotchedwa PNG muusiyire chizindikiro cha bizinesi chokha.

Chonde musafufute zithunzi zoyambirira, pakuti chithunzi chikachepetsedwa sichibwereranso, ndipo mukachikulitsa chimaoneka mbuu. Zimene zadutsa kale pa WhatsApp musazipanikizenso, popeza WhatsApp imazichepetsa yokha. Ngati mukufuna kuti ndikukonzereni zoyamba kuti muonerepo, munditumizire pa WhatsApp ngati Document, osati ngati chithunzi wamba, kuti zifike zosasinthika.