Kodi hayidirojeni "amafooketsa" chitsulo?

Funso: Ndikulembera ophunzira za uinjiniya malangizo okhudza hydrogen embrittlement, vuto limene hayidirojeni amabweretsa akalowa m'chitsulo, pa zitsulo zosachita dzimbiri zopangidwa ndi makina a 3D. Ndalemba kuti "mpweya wa hayidirojeni umafooketsa chitsulo chosindikizidwa". Kodi zili bwino?

Yankho: Galamala yake ilibe vuto, koma mawu atatu akusocheretsa.

Vuto lalikulu ndi "kufooketsa". Mchewa akamva kuti chinthu chafooka, amaganiza kuti sichinganyamulenso katundu. Pamenepa chitsulocho chimatha kunyamula pafupifupi monga kale. Chimene chataya ndi kutamuka. Chitsulo chabwino chikakokedwa chimayamba chatalika ndi kuwonda pakati, kenako nkuduka. Cholowedwa ndi hayidirojeni chimangothyoka mwadzidzidzi, nthawi zina patapita maola kapena masiku chitamangidwa. Choncho lembani kuti "chaleka kutamuka" kapena "chimathyoka chisanapindike". "Chauma" musalembe, chifukwa ambiri amva ngati mukuchitamanda kuti ndi cholimba.

"Mpweya" nawonso muchotse. Zimene zimalowa m'chitsulo ndi maatomu amodziamodzi, amene amakaunjikana m'malire a timibulu ta chitsulocho, m'timabowo, ndi kunsonga kwa ming'alu. Mukachotsa "mpweya", mgwirizano usinthe: "hayidirojeni amalowa". Ena amati "imalowa". Zonse zimamveka, bola musasakanize.

"Kusindikiza" kwafala kale, sitikuletsani, komabe kumakumbutsa pepala. Makinawa amayala ufa wachitsulo wochindikala mamaikulomita 20 mpaka 60 (mamaikulomita 1,000 ndi milimita imodzi), kuwala kwamphamvu kwa leza (laser) nkuusungunula, kenako kuyalanso wina pamwamba. "Kuumba mosanjikiza" kumanena zimenezo ndendende, ndipo kumathandiza wophunzira kumvetsa kumene timabowo ndi kukokana kotsalira m'kati kumachokera: kutentha ndi kuzizira mofulumira, mobwerezabwereza.

Samalaninso ndi kuyankhula mophatikiza. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316L, chimene chili ndi nikelo wa maperesenti 10 mpaka 14, chimapirira bwino chifukwa hayidirojeni amayenda pang'onopang'ono m'kati mwake. Cha mtundu wa 17-4PH ndi chosachedwa kugwidwa ndi vutoli, makamaka chikaumitsidwa pa madigiri 482 a Celsius, mulingo wotchedwa H900. Chikaphikidwa pa madigiri 621, mulingo wotchedwa H1150, chimafewerapo ndipo chimapirirako. Tchulani mtundu wa chitsulo nthawi zonse.

Chiganizo chanu chikhale chotere: "Hayidirojeni akalowa m'chitsulo cha 17-4PH choumbidwa mosanjikiza, chitsulocho chimaleka kutamuka ndipo chimathyoka mosachenjeza."