Njala ya m'tauni imayambira m'thumba

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino ndi funso ili: "Nthawi ya Covid-19 chakudya sichinasowe m'misika, ndipo alimi ankakolola ngati kale. Nanga zinatheka bwanji kuti mabanja osauka a m'mizinda azigona ndi njala?"

Mayi, yankho lili m'funso lanu lomwelo. Chakudya chinalipo, koma ndalama yogulira ndi imene inasowa. Wa kumudzi, ngakhale asauke bwanji, amakhala ndi kamunda kapena kankhokwe kotsamirapo masiku angapo. Wa m'tauni nkhokwe yake ndi thumba. Chakudya n'chogula, madzi ndi ogula, moto wophikira ndi wogula, kenako pali lendi, imene sidziwa kuti kunja kwagwa mliri. Mabanja osaukitsitsa amathera theka la ndalama zawo, mwinanso kuposa, pa chakudya chokha.

Ndalamayo ndi ya lero lomwe. Waganyu, wogulitsa m'mbali mwa msewu, wometa, wonyamula katundu, wantchito za m'nyumba, onsewa akapanda kutuluka m'mawa ndiye kuti madzulo pamoto sipatekeseka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 March 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, maboma ambiri analamula m'bindikiro, ndipo mwezi wotsatira bungwe loona za ntchito la ILO linachenjeza kuti anthu 1.6 biliyoni ogwira ntchito zosalembedwa ali pangozi yotaya popezera ndalama. Ku India, nduna yaikulu Narendra Modi analengeza m'bindikiro pa 24 March, kutangotsala maola 4 kuti uyambe. Aganyu a m'mizinda anauyatsa wapansi kubwerera kwawo, ena mtunda wa makilomita mazanamazana, poona kuti njala iwapeza msanga kuposa kachilombo.

Njala yotereyi imalowa m'nyumba mwakachetechete. Choyamba kusowa m'mbale ndi nyama, mazira ndi zipatso, n'kutsala chongodzazitsa mimba. Kenako banja limayamba kudya kawiri, kenako kamodzi, ndipo inu mayi mukudziwa amene amanama kuti wakhuta pofuna kuti ana adye. Sukulu zitatsekedwa, ana pafupifupi 370 miliyoni anasiya kulandira chakudya cha kusukulu, malinga ndi bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP, ndipo mtolo umenewo unabwerera kwa makolo omwe analibe kale kanthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi kudya mpamba. Vuto likagwera nyumba imodzi, munthu amathamangira kwa mnansi kapena m'bale kukabwereka. Mliri umagwetsa onse tsiku limodzi, moti wokongoza uja nayenso akufunafuna womukongoza. Ndiye mayi wageni amatapa pampamba kuti agule chakudya cha lero, mawa atapenso, mpaka m'chikwama mbee. Telala amagulitsa mashini, wina njinga, wina foni, pamtengo wolira poti ogulitsa achuluka. Wina amakagwada kwa akatapila. Boma likadzati tsopano tulukani, msika wabwerera koma munthu alibe choyala, ndipo makasitomala ake nawonso ali ndi ngongole zawo. N'chifukwa chake njala imatsalira m'nyumba zambiri matenda atachepa kale.

Chinathandiza msanga ndi kupatsa anthu ndalama m'manja, popeza chakudya chinali pamsika pomwepo. Koma apa maboma ambiri anapunthwa: mapulogalamu awo othandiza osauka ankayang'ana kwambiri kumidzi, ndipo mayina a osauka a m'tauni, amene amasamukasamuka ndi lendi, ambiri sanali m'kaundula aliyense. Dziko la Togo linachita mochenjera. Mu April 2020 linayambitsa pulogalamu ya Novissi: munthu ankalembetsa pafoni yake pogwiritsa ntchito khadi lovotera, ndalama n'kumulowera pafoni pomwepo popanda kuima pamzere. Amayi ankalandira zochulukirapo kuposa abambo, ndipo ine pamenepo sindinaonepo cholakwika.